"Log": chipika chimene chinagwera m'nyanja n'kudzavuukira m'mafoni mwathu

Sabata ino udindo wobweretsa mawu amodzi a Chingerezi kuti tiwasende limodzi wagwera ine. Mawu amene ndatenga ndi aafupi kwambiri, zilembo zitatu basi: l, o, g. "Log".

Ndikudziwa kuti ena mwayamba kale kunena chamumtima kuti, "Aaa, zimenezo n'zofunanso kuphunzitsa?" Dikirani kaye. Tiyeni tiwerenge malo amene timakumana ndi mawuwa pa tsiku limodzi lokha. M'mawa ukafuna kulowa pa Facebook, foni imakuuza kuti "log in". Ukafuna kuona amene anakuimbira usiku, umatsegula "call log". Madzulo pa wailesi akuti timu yakuti ili pamwamba pa "log table". Dalaivala wa galimoto ya boma kapena ya bungwe asananyamuke amalemba kaye mu "log book". Wina akuti ali ndi "blog", wina "vlog". Koma mukatsegula dikishonale, tanthauzo loyamba la "log" ndi chipika, chikuni chachikulu chija timasonkhezera poumba ndi kuwotcha njerwa. Ndiye funso langa ndi ili: chipika chikukhudzana bwanji ndi pasiwedi yanu? Yankho lake lili panyanja, zaka zoposa 400 zapitazo.

Msodzi wa pa nyanja yathu ino akakhala pakati pa madzi, amadziwa pamene ali poyang'ana mapiri, zilumba, kapena magetsi a kumtunda kukada. Tsopano taganizirani amalinyero a ku England m'zaka za m'ma 1500, ali pakati pa nyanja ya Atlantic. Masabata akutha osaona phiri, osaona mtengo. Kumanja madzi, kumanzere madzi. Injini kunalibe, sitima zinkayenda ndi mphepo yokankha matanga. Foni yoti n'kukuuza pamene uli kunalibenso. Kuti munthu adziwe pamene wafika, ankafunika zinthu zitatu: akulowera kuti, wayenda nthawi yaitali bwanji, ndipo akuthamanga bwanji. Kolowera ankadziwa ndi kampasi. Nthawi ankayeza ndi dzuwa komanso timabotolo ta mchenga. Chovuta chinali liwiro. Pamsewu umaona mitengo ikubwerera m'mbuyo n'kudziwa kuti tikuthamanga. Nanga panyanja uona chiyani?

Nzeru yoyamba inali yophweka zedi. Munthu ankaima kutsogolo kwa sitima n'kuponya kachidutswa ka mtengo m'madzi. Mtengowo umatsala pomwe wagwerapo, sitima n'kumapitirira. Ndiye ankawerenga nthawi imene yadutsa kuti mtengo uja ufike kumchira kwa sitima. Popeza kutalika kwa sitima ankakudziwa, liwiro ankalipeza. Mtengo woponyedwawo ndiwo "log", chipika.

Kenako anaikonza nzeruyi. M'malo mwa chidutswa wamba, anasema kathabwa kooneka ngati gawo limodzi la chikondamoyo chozungulira chimene mwachidula panayi. Mbali yokhota ija anaiika mtovu kuti kathabwako kaziima chilili m'madzi, kasamakokeke msanga. Anakamangirira ku chingwe chachitali chokulungidwa pa chokulungira chachikulu, ngati chija cha ulusi wa telala koma chogwira ndi manja awiri. Pa chingwepo anamanga mfundo motalikirana mofanana. Ntchitoyi inkafuna anthu atatu. Wina wanyamula chokulungira chingwe m'mwamba. Wina wagwira kabotolo ka mchenga. Wachitatu waponya kathabwa kumchira kwa sitima, chingwe chikupyola m'manja mwake, iye akuwerenga mfundo. Mchenga ukatha, wa kabotolo uja amakuwa, chingwe n'kuchigwira. Mfundo zimene zadutsa ndilo liwiro la sitima. Buku loyamba losindikizidwa kufotokoza chipangizochi ndi la William Bourne, lotchedwa A Regiment for the Sea, la mu 1574.

Anzanga okonda masamu, apa mpanu. Patapita nthawi, muyezo umene unakhazikika unali wakuti mfundo zizitalikirana mamita 14.4, ndipo mchenga uzitha pa masekondi 28. Gawani 14.4 ndi 28, mupeza mamita 0.514 pa sekondi. Chulukitsani ndi masekondi 3,600 a mu ola limodzi, mupeza pafupifupi mamita 1,852. Nambala imeneyi si yangozi. Mamita 1,852 ndiwo mailo imodzi ya panyanja, muyezo umene mayiko anagwirizana pa msonkhano wa ku Monaco mu 1929. Ndiye kuti mfundo imodzi ikadutsa m'manja mchenga usanathe, sitima ikuyenda mailo imodzi ya panyanja pa ola. Zikadutsa zisanu, mailo asanu pa ola. Munthu wosadziwa ngakhale kulemba dzina lake ankatha kuyeza liwiro, bola adziwe kuwerenga mfundo.

Mfundo m'Chingerezi ndi "knot", k wake satchulidwa, timangoti "not". N'chifukwa chake mpaka lero liwiro la sitima zapamadzi, la ndege, ndi la mphepo panyanja amaliyeza mu "knots", ngakhale chingwe chija anachisiya kalekale. Sitima yoyenda pa "10 knots" ikuyenda makilomita 18.5 pa ola, liwiro la wakabaza wamphamvu pa msewu wosalala. Ndipo chenjerani ndi kamsampha aka: simunena kuti "ten knots per hour". Mawu akuti "knot" anyamula kale "pa ola" m'kati mwake. Mumangoti, "The ship was doing ten knots." Basi. Imeneyo ndi mfundo yoyamba ya lero, ndipo mwaona kuti Chichewa chathu chinatikomera mtima, mawu ake ndi omwewo, kaya ya pachingwe kaya ya m'nkhani.

Tsopano kuyeza kokha sikunali kokwanira. Mphepo imasintha. Ola lino sitima ikuthamanga, ola linalo yangoti phee. Choncho kathabwa kaja ankakaponya kawirikawiri, m'sitima zankhondo ola lililonse, m'zamalonda zambiri maola awiri alionse. Zimene apeza ankazilemba ndi choko pa bolodi: nthawi, mfundo zingati, kolowera, mphepo ikuchokera kuti. Bolodilo ankalitcha "log-board". Tsiku lililonse ankakopera zonsezo m'buku, bolodi n'kulifufuta kuti ayambirenso. Bukulo ndilo "log-book", buku la zimene chipika chanena. Ndipo monga mmene ife timadulira mawu, kunena kuti "Nsanje" m'malo monena kuti "basi yopita ku Nsanje", iwonso anadula. "Log-book" inangokhala "log". Apa m'pamene mawuwa anasiya kukhala mtengo n'kusanduka kaundula.

Kaundula ameneyu sanali wongokongoletsa. Miyoyo ya anthu inali m'menemo. Ngati sitima yayenda pa mfundo 6 kwa maola 4 kulowera kuzambwe, ndiye kuti yayenda mailo 24 a panyanja, pafupifupi makilomita 44. Woyendetsa amatenga mapu, n'kuyeza kuchokera pamene anali dzulo, n'kuika kadontho pamene akuganiza kuti ali lero. Mawa adzayambira pa kadontho ka lero. Mwaona vuto lake? Ukalakwitsa pang'ono Lolemba, cholakwacho chimalowa m'masamu a Lachiwiri, n'kukula Lachitatu. Komanso kathabwa kaja kamayeza liwiro la sitima poyerekeza ndi madzi, pomwe madzi a m'nyanja nawonso amayenda. Mphepo nayo imakankhira sitima chammbali. Ndiye buku likhoza kunena kuti muli pakati pa nyanja, chikhalirecho miyala ili pamphuno.

Zinachitikadi. Mu Okutobala 1707, gulu la sitima zankhondo za Britain linkabwerera kwawo kuchokera ku nyanja ya Mediterranean, motsogozedwa ndi Sir Cloudesley Shovell. Nyengo inali yoipa kwa masiku angapo. Oyendetsa ankakhulupirira kuti ali pa njira yabwino yolowera kwawo, koma usiku anakawomba miyala ya pa zilumba za Scilly. Sitima zinayi zinamira, ndipo anthu oposa 1,400 anafa, kuphatikizapo Shovell mwiniwake. Mabuku a "log" a sitima zimene zinapulumuka anasungidwa, ndipo odziwa mbiri atawawerenga anapeza kuti oyendetsawo ankasiyana kwambiri pa nkhani ya pamene anali. Mu 1714 nyumba ya malamulo ya Britain inalonjeza mphoto yofika mapaundi 20,000 kwa amene angapeze njira yodalirika yodziwira kuti sitima yafika pati kum'mawa kapena kuzambwe. Amene anadzayandikira kwambiri yankho anali kalipentala wodziphunzitsa yekha kupanga mawotchi, John Harrison. Koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina. Chimene ndikufuna mutolepo n'chakuti zinthu zitavuta, chimene chinatsala kuti chichitire umboni ndi "log".

M'kupita kwa nthawi, m'bukumo munayamba kulowa zonse zochitika m'sitima: nyengo, madzi akumwa atsala ochuluka bwanji, ndani wadwala, ndani wamwalira, ndani walangidwa, sitima ina imene akumana nayo. Mpaka lero sitima zikuluzikulu zimasunga bukuli, ndipo ngozi ikachitika ofufuza amalifuna msanga. Mwambo wake ndi wakuti ukalakwitsa polemba sung'amba tsamba, sufufuta. Umangodula mzere umodzi kuti zakalezo zizionekabe, n'kulemba zolondola, n'kusainira. Ndipo mabuku akalewa akugwirabe ntchito. Mu 2010 kunayamba ntchito yotchedwa Old Weather, imene anthu ongodzipereka ankakopera pa kompyuta zolembedwa m'mabuku a sitima zankhondo za Britain za nthawi ya nkhondo yoyamba ya dziko lonse, kuti asayansi adziwe mmene nyengo inalili panyanja zaka 100 zapitazo. Mlinyero amene analemba kuti kunja kukuzizira bwanji pa 4 koloko m'mawa sankadziwa kuti akuthandiza ofufuza za kusintha kwa nyengo. Ankangolemba zoona pa nthawi yake.

Pamenepa ndiye pagona tanthauzo la mawuwa m'Chingerezi cha tsiku ndi tsiku. "Log" si buku lililonse lolembamo. Ili ndi zizindikiro zitatu. Choyamba, umalemba pa nthawi imene chinthu chikuchitika, osati mawa utakumbukira. Chachiwiri, zinthu zimandandalikidwa motsatana, chilichonse ndi tsiku ndi ola lake. Chachitatu, pamakhala dzina la munthu amene angayankhe pa zolembedwazo. N'chifukwa chake imasiyana ndi "diary", momwe umalemba za mumtima mwako, ndipo imasiyana ndi "report", imene umalemba zonse zitatha n'kusankha zoti unene. "Log" ilibe maganizo, ilibe kukometsera. Imangoti: nthawi yakuti, kunachitika chakuti.

Tiyeni tione mmene timawagwiritsira ntchito. Monga dzina: "The driver forgot to fill in the vehicle log." Dalaivala waiwala kulemba mu kaundula wa galimoto, muja amalemba makilomita ponyamuka ndi pofika, ndi mafuta amene wathira. "Check your call log." Taona mndandanda wa amene unawaimbira ndi amene anakuimbira. Onani kuti "call log" ili ndi zizindikiro zitatu zija: nambala, nthawi, motsatana. N'chifukwa chake munthu akamakana kuti sanakuimbire, sitikangana naye, timangomuonetsa foni.

Monga mneni, "to log" ndi kulemba chinthu mu kaundula wotere. Mukaimba ku kampani ya magetsi kapena ya madzi kudandaula, n'kukuuzani kuti "We have logged your complaint," musaganize kuti vuto latha. Akungonena kuti dandaulo lanu alilemba. Chanzeru n'kufunsa nambala ya dandaulolo, kuti mawa mukaimbanso musayambire pachiyambi. Palinso tanthauzo lina loyandikana nalo, la kusonkhanitsa maola kapena mtunda umene walembedwa: "The pilot has logged two thousand hours." Woyendetsa ndege ameneyu maola ake onse ouluka amene ali m'buku akwana 2,000. Inunso mukhoza kulemba m'kalata yofunsira ntchito kuti, "I logged all sales and expenses daily," ngati munkathandiza pa okala ya amalume n'kumalemba zogulitsa tsiku ndi tsiku. Bola zikhale zoona. Ndipo pa kalembedwe, g amakhala awiri: "logged", "logging". Mukalemba g mmodzi, wowerenga kalata yanu aona msanga.

Nanga "log in" inabwera bwanji? Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, kompyuta imodzi inkadzaza chipinda, ndipo inali yodula koopsa. Pa sukulu ya ukachenjede ya MIT ku America, gulu lotsogozedwa ndi Fernando Corbató linakonza njira yoti anthu ambiri azigwiritsa ntchito kompyuta imodzi pa nthawi imodzi. Ndiye panafunika kudziwa kuti walowa ndani, walowa nthawi yanji, wakhalamo nthawi yaitali bwanji, ndiponso kuti wina asamatsegule mafayilo a mnzake. Aliyense anapatsidwa dzina ndi pasiwedi, ndipo poyamba ntchito ankalemba lamulo lakuti "login". Tanthauzo lake lenileni ndi kudzilembetsa mu kaundula kuti ndafika. "Log out" ndi kulembetsa kuti ndatuluka. N'chimodzimodzi buku lija la pageti la mlonda, umalemba dzina ndi nthawi polowa, n'kusainanso potuluka.

Pa kalembedwe apa ambiri timasokoneza. Ukamanena zochita, ndi mawu awiri: "Please log in." "I can't log in." Ukamanena chinthu, ndi mawu amodzi: "I forgot my login details." "Go to the login page." Njira yosavuta yokumbukira ndi iyi: yesani kunena za dzulo. Timati "I logged in yesterday", sitinena kuti "I logined". Ngati mawuwo akutha kusweka pakati chonchi, ndiye kuti ndi awiri. "Log on" ndi "log in" n'zofanana, "log off" ndi "log out" n'zofanananso, ndipo "sign in" ndi m'bale wawo, ganizo lake ndi lomwelo la kusaina m'buku.

Ana ena a mawuwa ndi awa. Mu 1997 Jorn Barger anatcha tsamba lake la pa intaneti "weblog", kutanthauza kaundula wa zimene akupeza pa intaneti, tsiku ndi tsiku. Mu 1999 Peter Merholz anawadula mawuwo mwanthabwala kukhala "we blog", ndipo "blog" inabadwa pomwepo. "Vlog" ndi yomweyo koma ya kanema. Mukaona bwino, zonsezi zimakhala ndi deti pa nkhani iliyonse, ngati buku la m'sitima lija. Ku mpira, ife kuno ndi anzathu a ku South Africa timati "log" kapena "log table", ndipo timu yotsogola timati ili "top of the log". Koma dziwani kuti munthu wa ku England sanena choncho. Iye amati "league table" kapena "the table". Si kuti ife tikulakwa ayi, ndi Chingerezi cha kuchigawo chathu chino, koma ndi bwino kudziwa kuti ukuyankhula ndi ndani. Palinso "waterlogged". Poyamba ankanena sitima imene yalowa madzi ambiri mpaka yalemera, yosawongoleka, ingoyandama ngati chipika. Lero timanena munda wa kudambo mvula ikachuluka, kapena bwalo la mpira lodzaza zithaphwi: "The match was called off because the pitch was waterlogged."

Koma si "log" aliyense anachokera panyanja, ndipo pano ndikufuna tisiyanitse. Batani lija la pa kakyuleta lolembedwa "log", limene linatisowetsa tulo pokonzekera mayeso a Fomu 4, ndi chidule cha "logarithm". Mawu amenewo anawapanga John Napier wa ku Scotland mu 1614 kuchokera ku Chigiriki. Alibe ubale ndi chipika. "Logo" ndi "logic" nawonso ndi a ku Chigiriki komweko. Ndiye pali ena amene ndi a chipika ndithu koma sanakwereko sitima. "Illegal logging" ndi kudula mitengo mozembera lamulo, zija zikumaliza nkhalango zathu. "I slept like a log" ndi kugona tulo tofa nato. "Backlog" poyamba chinali chikuni chachikulu choika kumbuyo kwa moto kuti usazime, lero ndi ntchito younjikana imene sinagwiridwe. Ndiye mukamva "logging", mvetserani nkhani yonse. Wa zankhalango ndi wa makompyuta akunena zinthu ziwiri zosiyana.

Tsopano ndifike pa chimene chinandichititsa kusankha mawuwa. Ambiri a ife tikamva "log in" timaganiza kuti ndi kutsegula chitseko basi, ngati kiyi. Koma mwaona kuti tanthauzo lake n'loposa pamenepo. Ndi kusaina dzina lako m'buku. Kuyambira pamene wasaina mpaka pamene udzasainire kutuluka, chilichonse cholembedwa m'menemo chimawerengedwa kuti n'chako. Ndipo tinene zoona, ambiri m'kalabu muno mafoni timabwerekana. Wina yake yathera moto, wina alibe bandulo, wina foni yake ndi ya mabatani. Umapempha ya mnzako kuti uone uthenga, kapena umapita pa kompyuta ya pamalo osindikizira makalata kukatumiza kalata yofunsira ntchito. Wamaliza, watseka tsamba, wabweza foni, wapita. Koma kutseka tsamba si "log out". Wangotseka chivundikiro cha buku, dzina lako likadali losainidwa kuti uli m'kati.

Wobwera pambuyo pako akhoza kuwerenga mauthenga ako onse. Akhoza kulembera azakhali ako kuti wagonekedwa m'chipatala, atumize ndalama pa nambala iyi. Akhoza kutukwana munthu kapena kutumiza chithunzi choipa, ndipo kaundula adzati ndiwe, tsiku lakuti, ola lakuti. Udzalumbira kuti si ine, koma kumbukirani zimene tanena, anthu amakhulupirira "log" kuposa pakamwa. Dziko lathu lili ndi lamulo la mu 2016 lotchedwa Electronic Transactions and Cyber Security Act, limene limaletsa kuzunza anthu pa intaneti komanso kulowa m'makompyuta a eni popanda chilolezo. Wolowa mu akaunti yako mwakuba ndi wolakwa, inde, koma kuti zidziwike kuti sunali iwe, udzakhala utavutika kale, ndipo mbiri yako itaipa kale. Madzi akatayika saoleka. Akuluakulu anati ukayenda uzisiya phazi, osati mlomo. Akaunti yosiyidwa yotsegula mufoni ya munthu wina ndi mlomo umene wausiya kwa eni, ndipo ungathe kuyankhula iwe kulibe.

Ndiye ndikupempheni zinthu zochepa. Mukalowa pa foni kapena kompyuta yosakhala yanu, fufuzani mawu akuti "log out" ndipo muwadine musanabweze. Ikakufunsani ngati isunge pasiwedi, kanani. Lero lomwe mukafika kunyumba, tsegulani zokonzera za Facebook, mupeze pamene palembedwa kuti "Where you're logged in". Muona mndandanda wa mafoni ndi makompyuta onse amene dzina lanu likadali losainidwa. Imeneyonso ndi "log". Chimene simukuchidziwa, chitulutseni, kenako sinthani pasiwedi. Pa WhatsApp onani pa "Linked devices". Ndipo nambala ija imabwera pa meseji mukamalowa mu akaunti, kapena nambala yachinsinsi ya ndalama za mufoni, musapatse munthu, ngakhale aimbe mwaulemu bwanji n'kunena kuti akuchokera ku kampani. Kumupatsa nambala imeneyo ndi kumupatsa cholembera kuti asaine dzina lanu.

Mbali inayo ya nkhaniyi ndi yokoma. Ngati kaundula angathe kukutsutsa, angathenso kukuteteza. Ambiri a ife sukulu tamaliza, ntchito sinapezeke, tikuyesa timageni: mandasi, kaunjika, tomato, nkhuku, kutchaja mafoni. Geni zambiri zotere sizifa tsiku limodzi. Zimafa ngati sitima zija, kulakwitsa pang'ono lero, pang'ono mawa, ngongole ya mnzako yosalemba, ndalama ya mpamba yogulira bandulo, mpaka tsiku lina ukupeza kuti ulibe yokapikulira katundu, ndipo sukudziwa kuti zinasokonekera pati. Kope la masamba ochepa ndi lokwanira. Deti, chimene chalowa, chimene chatuluka, ndani watenga pangongole. Lembani nthawi yomweyo, osadikira usiku. Mukalakwitsa, dulani mzere umodzi, osang'amba tsamba. A msungichuma athu, mawu amenewa akukhudzanso buku la zopereka za kalabu ino. Tsiku limene tidzafunsane za ndalama, tisadzadalire kuti ndani akukumbukira bwino kapena ndani ali ndi mawu okweza.

Ntchito ya sabata ino ndi iyi. Aliyense alembe ziganizo zitatu za Chingerezi: chimodzi chokhala ndi "log" monga dzina, china "log" monga mneni, chachitatu "log in" kapena "login", mwasankha nokha koma molondola. Tidzaziwerenga tikakumananso, ndipo amene muli kutali mukhoza kutumiza kwa mlembi wathu. Amene mwabwereka foni ya mnzanu kuti muwerenge nkhaniyi, mukudziwa kale choti muchite musanaibweze.